Mng'alu umene ndinamata si umene unkataya madzi

Ndakhala ku Johannesburg kuyambira 2013, ndipo monga abale ambiri ochokera kumudzi, ndinayambira m'gadeni. Amene anagwirapo ntchito m'mayadi a kuno akudziwa kuti gadeni imabwera ndi pulu yake, damu losambiramo lija. Sakufunsa ngati unaisamalirapo. Amangokuonetsa pampu, ukonde wovuulira masamba ndi chidebe cha HTH, kolorini wothira mu pulu, n'kukuuza kuti madzi azikhala oyera. Kwathu ku Ntcheu ndinkadziwa ming'alu ya nyumba ndi ya mbiya. Ya pulu ndinaidziwira pa yadi ina ku Randburg mu 2019, ndipo ndinataya masabata 3 komanso madzi ochuluka ndisanadziwe poyambira.

Zinayamba kumapeto kwa June. M'mawa uliwonse ndinkapeza Kreepy Krauly, makina oyamwa zinyalala mu pulu, itaima pansi pa madzi, pampu ikungokoka mpweya, chifukwa madzi atsika mpaka pakamwa pa weir, kabokosi ka m'khoma komwe pampu imakokerako madzi. Ndinkatenga paipi ya m'gadeni n'kuwonjezera. Tsiku lachiwiri kapena lachitatu, zomwezo. Apatu inali nthawi yachisanu, palibe ankasamba, dzuwa lilinso lofooka, choncho madzi sanayenere kuphwa motero. Bilu ya madzi itabwera, abwana anandiitana. Sanakalipe, koma anafunsa ngati ndikuiwala kutseka paipi kapena ndikutsuka fyuluta, chosefera madzi, mopitirira. Funsolo linandivutitsa maganizo, chifukwa pa yadi madzi akamasowa, woyamba kumuganizira ndi amene amagwira paipi.

Pulu imeneyo inali ya mamita 8 mulitali ndi 4 mulifupi, ndipo mamangidwe ake ndi ofala kuno. Chigoba chake ndi konkire yokhala ndi zitsulo m'kati. Poyamba inapakidwa marbelite, pulasitala yoyera ija. Marbelite ikakalamba imakhakhala, imathothoka, ndiye eni ake ambiri m'malo moipakanso amaitana anthu kudzayala faibagalasi pamwamba. Amapaka rezini (mankhwala amadzimadzi amene akauma amalimba ngati pulasitiki), kuyala nsalu ya ulusi wagalasi, kuinyowetsa ndi rezini ina, kenako kupaka topcoat, yomwe ndi rezini yautoto imene timaiona ya buluu. Zonsezo pamodzi ndi mamilimita ochepa chabe. Faiba ndi khungu lotchinga madzi, mphamvu yonse ili mu konkire kuseri kwake. Ine nthawi imeneyo sindinkazisiyanitsa, kwa ine khoma linali khoma basi.

Nditayang'anayang'ana ndinapeza mng'alu pa masitepe, wotalika ngati mkono, uli ndi tinthambi tambirimbiri ngati ulusi wa kangaude. Mtima unakhala pansi, ndinati ndaupeza. Abwana anagula Pratley Putty, phala lomatira limene limauma ngakhale m'madzi. Ndinalowa m'madzi ozizira aja mpaka m'chiuno, ndinaikanda m'manja n'kumata mng'alu wonse bwinobwino. Phala lija linagwira ndithu, silinalakwe kanthu. Koma madzi anapitiriza kutsika monga kale. Ndinamatanso tinthambi tina tomwe ndinasiya, osasintha. Sabata yachitatu ndinafika pouza abwana kuti tingopopa madzi onse tione pansi, ndipo anatsala pang'ono kuvomera.

Chinatipulumutsa n'chakuti Lamlungu lomwelo ndinadandaulira amadala ena a ku Nkhotakota omwe timapemphera nawo. Iwo agwira ntchito ya mapulu zaka zoposa 20, manja awo ali ndi zipsera za gilayinda. Nditangotchula zopopa madzi anandigwira pamkono.

“Mphwanga, usayerekeze. Wayeza kale kuti ikutaya madzi angati pa tsiku?”

“Ayi bambo, ndangoona mng'alu.”

“Mng'alu wauona ndi maso. Nanga madzi wawaona akulowamo?”

Ndinalibe yankho. Anabwera Lachiwiri madzulo ataweruka, atanyamula ndowa, tepi yakuda, rula yachitsulo, sukuludiraiva ndi jakisoni wopanda singano. Zida zonse n'zomwezo.

Choyamba anayeza ndi ndowa. Tinadzaza pulu kufika pamlingo wake, ndowa tinaithira madzi a mu pulu momwemo n'kuikhazika pa sitepe yachiwiri, titaikamo njerwa kuti isayandame. Madzi a m'ndowa ndi a kunja kwake analingana. Anamata tepi m'kati mwa ndowa pomwe madzi alekeza, ina kunja. Nzeru yake ndi yapafupi: dzuwa ndi mphepo zimamwa madzi a m'ndowa ndi a mu pulu mofanana, koma ndowa siidontha. Kusiyana kumene ungapeze ndiko kudontha kwa pulu. Tinazimitsa pampu kwa maola 24. M'ndowa madzi anatsika ndi mamilimita 3, mu pulu 11. Tinadzazanso, n'kusiya pampu ikuyenda usana ndi usiku. M'ndowa 3 yemweyo, mu pulu 23.

Amadala anandiphunzitsa masamu amene ndimagwiritsabe ntchito. Milimita imodzi pa malo a mita imodzi mbali zonse ndi lita imodzi. Pulu ya 8 kuchulukitsa ndi 4 ndi 32, ndiye milimita iliyonse ndi malita 32. Pampu ili chozima tinkataya mamilimita 8, omwe ndi malita 256. Pampu ikuyenda tinkataya 20, malita 640 pa tsiku, zigubu 32 za malita 20. Ndinazilemba m'kope n'kukaonetsa abwana, ndipo nkhani ya paipi yoiwala kutseka inathera pomwepo. Abale amene muli m'mayadi, lembani manambala anu ndi madeti ake. Pakamwa pokha sipangakutetezeni.

Manambalawo anatiuzanso kwina koyang'ana. Madzi akamatayika kwambiri pampu ikuyenda, vuto limakhala ku mbali imene pampu imakankhira madzi, kuchokera pa fyuluta kubwerera mu pulu. Tinayamba ndi chapafupi, paipi yotayira madzi otsukira fyuluta. Labala ya m'kati mwa valavu ya pa fyuluta ikatha, madzi amazembera kumeneko mwakachetechete, ndipo anthu ambiri agumula makoma chifukwa cha kalabala kameneko. Yathu inali youma. Ndiye kunatsala mapaipi a pansi pa nthaka opita ku majeti, timabowo tobwezera madzi mu pulu. Tinatseka majeti onse awiri ndi zotsekera za labala, tinatsekanso pansi pa weir, pampu ili chozima. M'mawa mwake madzi anali atatsikabe, ngakhale pang'ono kuposa kale. Amadala anati malo odontha ndi awiri, ena m'paipi, ena pa khoma penipeni.

Apa m'pomwe anayamba kuwerenga ming'alu, ndipo ndi gawo lomwe ndikufuna wina aligwire bwino. Anayambira pa masitepe paja ndinamata. Panali tinthambi tingapo tomwe phala silinafikepo. Anayendetsapo chikhadabo, ndipo sichinkakodwa kwenikweni. Anati iyi ndi ming'alu ya topcoat yokha. Imabwera topcoat ikapakidwa yokhuthala kwambiri, makamaka m'makona ndi pa masitepe, kapena chinthu cholemera chikagwerapo, kapena ikangokalamba ndi dzuwa ndi mankhwala. Imaoneka yoopsa chifukwa imadetsedwa ndi ndere, koma nsalu ya pansi pake imakhala yathunthu. Kuti nditsimikize, anathira utoto wofiira wa zakudya mu jakisoni uja. Madzi atakhala bata, pampu yozima, Kreepy titaitulutsa, anatsitsa dzanja pang'onopang'ono n'kufinyira kadontho pafupi ndi mng'alu. Utoto unangoyandama ngati utsi wa fodya, kenako unabalalika. Palibe chinaukoka. Masabata atatu onse aja ndinkamata malo osadontha.

Kenako anatembenuza sukuludiraiva n'kuyamba kugogoda khoma ndi chigwiriro chake, kuyambira ku masitepe kuzungulira, iye atagona chafufumimba pa njerwa za m'mphepete, mkono uli m'madzi. Pomwe faiba yagwirana ndi konkire pamalira kho kho, mouma. Pomwe yamatuka pamalira phu phu, ngati ukugogoda dzungu lowuma m'kati. Anandipatsa kuti ndimve ndekha, ndipo ukamva kamodzi suiwalanso, umazimvanso m'dzanja. Mbali zitatu zinali bwino, kupatula timatuza tochepa pansi pa getsi. Matuzawo anati ndi chinyontho chotsekeredwa m'kati mwa faiba, ukawaboola mumatuluka madzi onunkha ngati viniga. Amafunika kuwakonza nthawi ina, koma si amene amamwa malita mazanamazana.

Titafika pa kona ya kozama, pafupi ndi jeti yachiwiri, khoma linasintha kulira. Malo omatuka anali aakulu ngati lichero. Pakati pake panali kamzere kamodzi, kowongoka, kopanda nthambi, kochepa moti ndinkakadutsa tsiku ndi tsiku ndi burashi osakaona. Chikhadabo chinakodwa. Amadala sanathamangire utoto, anayamba adzuka n'kulondola kamzereko chokwera. Kanadutsa pa matailosi a mosaic, tiwiri tinali tosweka pakati. Kanadutsa pa simenti ya pakati pa njerwa za m'mphepete. Kunja, njerwa za pansi zoyendapo zinali zitatitimira pang'ono, ndipo kapinga wa pamenepo anali wobiriwira pomwe yadi yonse inali itapsa ndi chisanu. Kapinga ameneyo ndinkamutchetcha ndine, osadzifunsa chifukwa chake.

“Ukuona? Faiba payokha singang'ambe tailosi kapena njerwa. Mng'alu ukatuluka mu pulu n'kupitirira kunja, ndiye kuti yasweka ndi konkire, faiba yangotsatira.”

Atafinyira utoto pamenepo, sunabalalike. Unapanga kaulusi kofiira n'kulowa mu mng'alu ngati wina akuukoka kuseri. Ndinauona ndi maso anga, ndipo thupi linachita tsembwe.

Panali njira inanso yomwe anati tiigwiritse pofuna kudziwa pomwe mng'alu walekeza: kungosiya madzi atsike okha, mabowo onse ali otseka. Madzi amatsika mpaka atafika pansi pa malo odontha, kenako amayamba kutsika mofanana ndi a m'ndowa. Athu anaima pafupifupi masentimita 50 kuchokera pamwamba. Izi zinatiuza kuti pansi pa pulu ndi pabwino, popanda kupopa ngakhale dontho. Anandichenjeza kuti njirayi ndi yoyang'anira tsiku lililonse. Madzi akapitirira theka osaima, usadikirenso, itana anthu odziwa.

Za kupopa madzi onse anandilongosolera titakhala pa udzu. Madzi a mu pulu ngati imeneyi ndi matani makumi angapo, ndipo kulemera kwakeko ndi kumene kumakankha faiba kuti ikhale chomata ku khoma, kumalimbananso ndi dothi ndi madzi a m'nthaka amene akukankha kuchokera kunja. Pulu imene yakhala ikudontha miyezi yambiri imakhala itazunguliridwa ndi nthaka yonyowa. Ukaipopa mwadzidzidzi, madzi akunja aja amalowa kudzera mu ming'alu n'kutukula faiba ngati chikopa, ndipo pomwe madzi a pansi ndi ambiri chigoba chonse chimatha kunyamuka kapena kusweka. Faiba yosiyidwa pa dzuwa popanda madzi nayo imatentha n'kuyamba kumatuka. Ndikanapopa tsiku lija, ndikanawononga pulu yonse pofuna kukonza kona imodzi.

Tinakumba kuseri kwa kona ija titachotsa njerwa. Pa theka la mita dothi linali phala. Paipi ya jeti inali itang'aluka pa chigongono, pomwe inalumikizidwa ndi guluu, ndipo titayatsa pampu pang'ono madzi anathovoka. Dothi lake linali lomata, lamtundu wa makande a m'dambo kwathu, lomwe limatupa likanyowa n'kung'aluka likauma. Dothi lotere likanyowa mbali imodzi yokha ya pulu, limakankha khoma mosalingana. Ndinafunsa kuti chinayamba n'chiti, paipi kuthyoka kapena khoma kusuntha. Amadala anati zonse zimatheka ndipo zimadyetsana, koma dongosolo lokonzera ndi limodzi: yamba watseka madzi amene akunyowetsa nthaka, kenako uone ngati khoma laima.

Paipi tinaikonza kumayambiriro kwa August. Ine ndinkafuna tiyambe faiba mawa lake, koma amadala anakana. Anatenga pensulo n'kulemba mzere kumapeto kwa mng'alu pa njerwa ya m'mphepete, analembanso timadontho tiwiri, kena mbali iyi kena mbali inayo, n'kuyeza mpata wake ndi rula. Pa mng'alu wa pa simenti anamatapo kachigamba kopyapyala ka pulasitala, kuti khoma likangosuntha kasweke. Ntchito yanga inali kuyeza Lolemba lililonse n'kulemba. Anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo faiba yatsopano yoyalidwa pa konkire imene ikuyendabe imang'ambika pa mzere womwewo mvula yoyamba isanathe. Sabata yoyamba kachigamba kanasweka, dothi likuuma. Tinamata kena. Masabata 5 otsatira sikanasunthe, mpata unali womwewo. Madzi tinawasiya otsika, ndinkangothira kolorini ndi manja poti pampu sinkayenda.

Anauzanso abwana mosabisa kuti mng'alu ukapitiriza kukula, kapena mbali imodzi ikakwera kuposa inzake, kapena madzi akayamba kuoneka opendekeka poyerekeza ndi mzere wa matailosi, imeneyo si ntchito ya iye kapena ine, ndi ya injiniya. Anatchulanso madera ngati Centurion ndi Carletonville, komwe pansi pali mwala wa dolomite. Kumeneko madzi odontha kwa nthawi yaitali amakokolola nthaka kulowa m'mapanga a pansi mpaka malo kutitimira, choncho pulu yodontha sichinthu choti uziyesayesa wekha. Amene mukugwira ntchito mbali zimenezo, nenani msanga.

Tinakonza pakati pa September, ndipo nthawiyo inasankhidwa dala. Rezini siuma bwino kukamazizira, komanso sigwira pa konkire yonyowa, ndiye tinafuna kutentha kutayamba koma mvula ya October isanafike. Tinatsitsa madzi pang'ono kupitirira pomwe mng'alu unalekeza, n'kuyala pulasitiki pamwamba pake kuti fumbi lisagweremo. Amadala anadula faiba yonse yolira phu phu mpaka pomwe inayamba kulira kho kho, ndipo kuseri kwake kunatuluka madzi akuda. Mng'alu wa mu konkire unaoneka poyera, wa mamilimita pafupifupi 2, m'mphepete mwake muli zoyera ngati mchere. Chomwe ankaopa kwambiri ndi dzimbiri, chifukwa chitsulo cha m'kati chikachita dzimbiri chimatupa n'kuphulitsa konkire. Panalibe. Anaukuza mng'aluwo ndi gilayinda kuti ukhale ngati ngalande, anadula timipata topingasa n'kulowetsamo tizitsulo tomanga mbali ziwirizo ngati mmene amasokera bala, kenako anadzaza zonse ndi epoxy, guluu wolimba kwambiri.

Tisanayale faiba anamata pepala la pulasitiki pa konkire ndi tepi mbali zonse n'kulisiya usiku. M'mawa munali thukuta m'kati mwake. Tinadikira masiku 4 ena mpaka pepala linatuluka louma. Ndaonapo zigamba zambiri m'mayadi ena zitamatuka ngati chikwa, ndipo ndikukhulupirira kuti zambiri zinayalidwa pa khoma lonyowa ndi anthu ofuna kumaliza tsiku lomwelo. M'mphepete mwa faiba yakale anapala motsetsereka, mulifupi ngati chikhatho, kuti yatsopano ikwerepo. Kenako rezini, nsalu ziwiri, kupsinja ndi rola yachitsulo mpaka mpweya wonse utatuluka, ndipo pamapeto topcoat.

Thupi lanu lisamaleni pa ntchito imeneyi. Fumbi la faiba limayabwa ngati chitedze ndipo si lofunika kulipuma, ndiye valani chophimba mphuno chenicheni, magalasi ndi malaya aatali manja. Mankhwala oumitsira rezini, amene amathira pang'ono chabe, pafupifupi magawo 1 kapena 2 pa 100, akalowa m'diso amatha kuliwononga, ndipo sayenera kukhala pafupi ndi kolorini kapena asidi wa pulu. Ukathira ambiri, rezini imatentha m'chitini mpaka kufuka utsi. Gilayinda nayo ndi ya magetsi, ndipo umaigwira madzi ali pafupi ndi mapazi. Amadala anayamba ayesa earth leakage ya m'nyumba, swichi imene imadula magetsi akamadutsa polakwika, kuti aone ngati ikuzimitsa, ndipo chingwe ndinkachigwira ine m'mwamba nthawi yonse.

Tinadikira masiku 7 tisanadzaze. Chigamba chinaoneka cha buluu wowala kuposa khoma lakale, ndipo madamu anadandaula pang'ono, koma amadala anali atawauziratu kuti utoto watsopano sungafanane ndi umene wakhala pa dzuwa zaka zambiri. Ming'alu ya pa masitepe tinangoipala, kuchotsa phala langa lija, n'kupakapo topcoat ina.

Titadzaza ndinakhazikanso ndowa ija pa sitepe yachiwiri, njerwa ili m'kati. Pampu yozima, m'ndowa mamilimita 5, mu pulu 5. Pampu ikuyenda, 5 ndi 6. Mvula inabwera, inapita, ndipo m'mwezi wa April ndinakagogoda kona ija ndi chigwiriro cha sukuludiraiva, inalira kho kho. Pa yadipo ndinachoka mu 2022, pano ndimayendera mapulu angapo pandekha. Sabata yatha mnyamata wina wa kwathu, amene wangoyamba ntchito ku Roodepoort, ananditumizira chithunzi cha mng'alu pa WhatsApp, akufunsa kuti agule phala lanji. Ndinamuuza kuti asagule kanthu, apeze ndowa, njerwa ndi tepi, azimitse pampu, ndipo anditumizire manambala awiri mawa nthawi yomweyo.